Ululu wosatha wa msana, mawondo ndi mutu: acupuncture, mafizo, mapiritsi kapena mphini?

Munthu amene msana wamuvuta kwa miyezi itatu kapena kuposerapo amakhala atayesa kale zambiri. Panado wamwa, brufen wamwa, mafuta otikita wagula, mwinanso m'chiuno muli kale zipsera za mphini. Kenako amamva kuti m'tauni muli malo amene amabaya anthu timasingano ta ku China, njira yotchedwa acupuncture, n'kuyamba kufunsa ngati n'chithandizo chenicheni kapena kungotaya ndalama. Yankho limadalira chimene chikukuvutani. Pa ululu wamgonagona wa msana, khosi, mawondo ndi mutu, acupuncture imathandizadi anthu ena, ngakhale kuti si mofanana ndi mmene otsatsa amakokomezera. Pa shuga, BP, HIV, khansa ndi kusabereka, ilibe chochita.

Zimene mukakumane nazo m'chipinda chobayiramo

Njirayi inayamba ku China zaka zoposa 2,000 zapitazo. Akale kumeneko ankati m'thupi mumayenda mphamvu yotchedwa qi, yodutsa m'mizere yakeyake, ndipo matenda amabwera mphamvuyo ikatsekeka penapake. Malo obayapo amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawaika m'ndandanda umodzi alipo 361. Madokotala amene amang'amba thupi sanaipezepo mizere imeneyi. Chimene chimadziwika n'chakuti kasingano kakakhudza minyewa ya pakhungu ndi m'minofu, uthenga umapita kumsana ndi kuubongo, ndipo thupi limatulutsa mankhwala ake ochepetsa ululu otchedwa ma endorphin.

Ulendo woyamba umatenga mphindi 45 mpaka ola lathunthu chifukwa cha mafunso. Wobaya amene anaphunzira njira ya Chitchaina adzakufunsani za tulo, chimbudzi, thukuta ndi msambo, adzakuuzani kuti mutulutse lilime, kenako adzagwira mtsempha wa pamkono mbali zonse ziwiri. Musadabwe akakubayani kumwendo kapena kudzanja pamene vuto lili kumsana. Ndi mmene njirayo imayendera.

Timasinganoto ndi tachitsulo chosachita dzimbiri, topanda bowo mkati, ndipo sipakhala mankhwala alionse olowa m'thupi. Kunenepa kwake ndi mamilimita 0.16 mpaka 0.30, pomwe singano yotengera magazi kuchipatala imakhala pafupifupi mamilimita 0.8. Kutalika kumasiyana: tatifupi ta mamilimita 13 ndi ta kumaso ndi kukhutu, tatitali ta mamilimita 75 ndi ta m'matako momwe muli mnofu wambiri. Wobaya amang'amba kapaketi, amaika kachubu kapulasitiki pakhungu, n'kugogoda mutu wa kasingano ndi chala kuti kaboole khungu mwachangu. Panthawiyo mumangomva ngati nyerere yakulumani. Akamakapotokola pang'onopang'ono, pamabwera kulemera, dzanzi kapena kuphwanya kwa mkati kumene kumafalikira mozungulira. Atchaina amati de qi, ndipo ambiri obaya amachita kukufuna dala kumva kumeneku. Koma mukamva kuthetheka ngati magetsi kutsika mpaka kuzala, kasingano kagunda mtsempha, nenani nthawi yomweyo akasunthe.

Nthawi zambiri amabaya timasingano 5 mpaka 20, n'kukusiyani chigonere mphindi 20 kapena 30. Ena amalumikiza timawaya kutimasinganoto n'kudutsitsa magetsi ofooka amene amachititsa mnofu kunjenjemera. Ena amayatsa chitsamba chouma chotchedwa moxa pafupi ndi khungu kuti patenthe, ndipo apa mpamene anthu amapsa wobayayo akatembenuka kuyang'ana kwina. Kubaya m'khutu mokha, kumene ambiri amayesa kuti n'kwakale kwambiri, mmene kumachitikira masiku ano kunakonzedwa ndi dokotala wa ku France, Paul Nogier, m'zaka za m'ma 1950.

Musapite ndi njala, chifukwa amene amachita chizungulire kapena kukomoka ambiri amakhala sanadye kapena abayidwa chikhalire. Mukatuluka mutha kumva kutopa ndi tulo, ndipo ena ululu umayamba wawonjezeka tsiku limodzi kapena awiri usanatsike.

Kafukufuku wa msana amene amasokoneza mbali zonse ziwiri

Ku Germany kunachitika kafukufuku wamkulu amene zotsatira zake zinatuluka mu 2007. Odwala msana 1,162 anawagawa patatu. Gulu loyamba linabayidwa motsatira malamulo onse a Chitchaina. Lachiwiri linabayidwa mwachiphamaso, pamwamba chabe ndiponso pamalo osakhala enieni, iwo osadziwa. Lachitatu linalandira chithandizo cha masiku onse cha mankhwala ndi mafizo. Patatha miyezi 6, amene anapeza bwino anali pafupifupi 48 pa 100 alionse m'gulu loyamba, 44 m'gulu lachiwiri, ndi 27 m'gulu lachitatu.

Manambalawa akunena zinthu ziwiri nthawi imodzi. Obayidwa anapezadi bwino kuposa osabayidwa, ndipo n'chifukwa chake mabungwe a inshuwalansi ya zaumoyo ku Germany anayamba kulipirira acupuncture pa msana ndi mawondo. Koma kubaya pamalo "enieni" ndi kubaya paliponse kunasiyana pang'ono zedi. Zikuoneka kuti gawo lalikulu la mpumulowo limachokera ku kubayidwa kumene, kugona phee kwa theka la ola, kusamalidwa ndi munthu amene akukumvetserani, ndiponso chiyembekezo chanu. Mu 2018 akatswiri anaphatikiza kafukufuku 39 wokhudza odwala oposa 20,000 a ululu wamgonagona, ndipo anapeza kuti kubaya kwenikweni kumaposa kwachiphamaso, koma kusiyana kwake n'kochepa. Choncho amene angakuuzeni kuti mulipire kawiri chifukwa iye yekha ndiye amadziwa malo achinsinsi, mukanireni mwaulemu.

Mabungwe akuluakulu sagwirizana pankhaniyi. Bungwe la NICE, limene limalangiza zipatala za boma ku England, linanena mu 2016 kuti acupuncture isamaperekedwe pa ululu wa m'chiuno, ndipo mu 2022 linanenanso chimodzimodzi pa nyamakazi ya mawondo. Bungwe lomweli mu 2021 linaivomereza pa ululu wosatha umene gwero lake silikupezeka. Bungwe la madokotala a ku America la American College of Physicians mu 2017 inaiika m'gulu la njira zoyamba kuyesa pa msana musanafike ku mankhwala, ndipo WHO mu 2023 inaivomereza ngati imodzi mwa njira zimene zingaperekedwe pamodzi ndi zina, ikuchenjeza kuti umboni wake si wamphamvu. Onsewa akuwerenga kafukufuku yemweyo. Ena akufunsa kuti "kodi wodwala wapeza bwino?", ena akufunsa kuti "kodi ndi singanoyo imene yamuchiritsa?"

Mutu ndi mseru

Pa mutu waching'alang'ala umboni ndi wabwinoko. Acupuncture pano siyoletsa mutu umene wayamba kale, koma yochepetsa masiku amene umabwera pamwezi. Pa kafukufuku wophatikizidwa mu 2016, theka la obayidwa mwenimweni masiku awo a mutu anatsika ndi theka kapena kuposa, pomwe mwa obayidwa mwachiphamaso anali 41 pa 100 alionse. Malangizo a ku England amalola kubayidwa mpaka ka 10 m'milungu 5 mpaka 8.

Njira ina yopewera mutu umenewu ndi mapiritsi omwa tsiku lililonse monga propranolol kapena amitriptyline, amene ndi otsika mtengo ndipo amapezeka m'zipatala zambiri. Propranolol sayenera munthu wa mphumu. Amitriptyline amaumitsa kukamwa ndi kugonetsa, n'chifukwa chake amamwedwa usiku. Amene mankhwala awiriwa samuyanja, kapena mayi amene akufuna kutenga pakati, ndiye woyenera kuganizira timasingano. Koma musanalipire aliyense, werengani masiku amene mumamwa Panado kapena brufen. Ngati akufika 15 pamwezi kwa miyezi ingapo, mwina mapiritsiwo ndiwo akubweretsa mutuwo, ndipo palibe singano imene ingathandize musanawachepetse.

Pa mseru wobwera munthu akachitidwa opaleshoni, pali malo amodzi amene afufuzidwa kwambiri, otchedwa PC6. Tembenuzani dzanja chikhatho chiyang'ane kumwamba, ikani zala zitatu zopingasa kuyambira pamzere wa pamfundo ya dzanja kulowera kuchigongono, ndipo malowo ali pomwe chala chachitatu chathera, pakati pa mitsempha iwiri yolimba. Apa simufunikanso singano: kudina ndi chala chachikulu kwa mphindi ziwiri kapena zitatu n'kwaulere ndipo sikuvulaza. Mayi woyembekezera amene akusanza chilichonse mpaka madzi omwe asadalire zimenezi, apite kuchipatala akamuike diripu.

Zina zonse zimene zimalembedwa pazikwangwani tingazidutse mwachangu. Pa kusabereka, kafukufuku wa amayi 848 ku Australia ndi New Zealand amene ankathandizidwa ndi njira ya IVF, yokumanitsa dzira la mayi ndi mbewu ya bambo kunja kwa thupi, anapeza mu 2018 kuti obayidwa mwenimweni ndi obayidwa mwachiphamaso anabereka ana mofanana, pafupifupi 18 pa 100 mbali zonse. Pa kusiya fodya ndi kuchepetsa thupi palibe umboni wodalirika. Pa sitiroko, ku China amaigwiritsa ntchito kwambiri, koma chimene chimabwezeretsa mkono ndi mwendo ndi mafizo oyamba msanga. Ndipo aliyense wokuuzani kuti musiye ma ARV, insulin kapena mankhwala a BP chifukwa mwayamba kubayidwa, akukuikani pangozi ya imfa.

Mafizo: otopetsa, koma ndiwo maziko

Malangizo onse aja, ngakhale akutsutsana pa timasingano, amagwirizana pa chinthu chimodzi: pa msana ndi mawondo, kulimbitsa thupi ndiko kuyenera kukhala patsogolo. Kugona pabedi kupitirira tsiku limodzi kapena awiri kumaumitsa msana m'malo moupumitsa.

Zoyambira sizifuna makina. Yendani ndawala mphindi 20 mpaka 30 masiku ambiri pamlungu. Pa msana, gonani chagada pamphasa, pindani mawondo mapazi akhale pansi, kwezani matako mpaka thupi liwongoke kuchokera paphewa kufika pabondo, khalani choncho masekondi 5, tsitsani, bwerezani ka 10. Pa bondo, khalani pampando, wongolani mwendo umodzi mpaka utambasuke, gwirani masekondi 5, ka 10 mwendo uliwonse, kawiri kapena katatu patsiku. Kenako zolowerani kudzuka pampando osagwira ndi manja. Mnofu wa kutsogolo kwa ntchafu ukalimba umalandira katundu amene bondo limasenza lokha. Kwa wonenepa, kilogalamu imodzi imene wataya imachotsa pafupifupi makilogalamu 4 pa katundu amene bondo limalandira pa sitepe iliyonse.

Chimene chimalakwika n'chodziwika. Mlungu woyamba thupi limaphwanya, munthu n'kuganiza kuti akudzivulaza, n'kusiya. Phindu la mafizo limaoneka pakatha milungu 6 mpaka 12. Ululu umene wakwera pang'ono n'kutsika pofika mawa lake si chizindikiro choipa. Umene ukutsika mwendo ndi dzanzi lowonjezeka ndiwo wofunika kukaonetsa. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu zili ndi madipatimenti a mafizo, ndipo ulendo umodzi kapena iwiri kuti akuonetseni kachitidwe koyenera msana wanu ndi wokwanira kuyambirapo.

Apa mpamene acupuncture imakhala ndi malo ake abwino koposa. Munthu amene ululu ukumulepheretsa ngakhale kuyamba kuyenda, akapeza mpumulo wa milungu ingapo ndi timasingano, agwiritse ntchito mpatawo kulimbitsa minofu. Akangogona n'kumadikira tsiku lokabayidwanso, ndalama zikatha ululu udzamupeza pomwe unamusiya.

Akatswiri ena a mafizo, makamaka ku South Africa ndi ku Britain, amabayanso ndi timasingano tomweti m'njira yotchedwa dry needling. Iwo satsata mizere ya qi; amafufuza ndi chala kamfundo kolimba m'mnofu, kamene mukakadina ululu umathamangira kwina, n'kubaya pomwepo mpaka mnofu udumphe. Zimatenga mphindi zochepa, zimapweteka kuposa acupuncture, ndipo malowo amawawa tsiku limodzi kapena awiri. Zimayenera phewa kapena khosi lomangika, osati nyamakazi ya mkati mwa bondo.

Mapiritsi

Ubwino wawo ndi woti amagwira lero lomwe ndipo ndi otsika mtengo. Panado wa 500 mg munthu wamkulu amamwa awiri nthawi imodzi, osapitirira 8 pa maola 24, ndipo wochepa thupi, womwa mowa kwambiri kapena wodwala chiwindi achepetse. Pa msana Panado payekha sathandiza kwenikweni. Brufen wa 400 mg katatu patsiku mutadya amagwira bwinoko, koma ndi wa masiku ochepa pamene ululu wakula, osati wa miyezi.

Vuto lofala ndi kuphatikiza. Brufen, diclofenac ndi indocid ndi a banja limodzi. Kumwa awiri pamodzi sikuwonjezera mpumulo koma kumawonjezera zilonda za m'mimba, kukwera kwa BP ndi kuwonongeka kwa impso. Chimbudzi chakuda bii kapena masanzi a magazi ndi chizindikiro choti m'mimba mukutuluka magazi, ndipo ndi nkhani yothamangira kuchipatala. Amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir, monga mmene alili ambiri masiku ano, asamale kawiri, chifukwa tenofovir ndi brufen onse amalemetsa impso; auzeni a kuchipatala chimene mumalandirira ma ARV musanayambe kumwa brufen tsiku ndi tsiku. Mayi woyembekezera awapewe, makamaka miyezi yomaliza. Pa bondo, diclofenac wopaka ndi wabwinoko kuposa womwa chifukwa wolowa m'magazi amakhala wochepa. Tramadol amazolowereka m'thupi, ndipo WHO siilimbikitsa mankhwala a gulu lake pa msana wamgonagona.

Chenjeraninso ndi makapisozi opanda dzina amene amagulitsidwa ngati "azitsamba" a nyamakazi. M'maiko ambiri ena mwa mankhwala oterewa apezeka atasakanizidwa ndi ma steroid, mankhwala amphamvu oletsa kutupa. Ululu umathadi msanga, koma pakapita miyezi nkhope imatupa, shuga amakwera, mafupa amafooka.

Munthu wachikulire amene ali kale ndi zilonda za m'mimba, BP kapena vuto la impso ndiye amene acupuncture ingamukomere kuposa mapiritsi. Sikuti ndi yamphamvu kuposa brufen, koma siyikhudza m'mimba kapena impso.

Nanga mphini?

Anthu ambiri akamva za timasingano amati, "si mphini za Atchaina zimenezo?" Kufanana kulipo: zonse zimaboola khungu pafupi ndi pamene pakupweteka, ndipo mwina mpumulo umene ena amaumva akatemedwa umachokera ku minyewa yomweyo. Kusiyana kuli pa chimene chimatsala. Kasingano kamasiya kabowo kotsekeka pakamphindi. Lezala limasiya bala lotseguka, ndipo m'balamo mumapakidwa phulusa kapena ufa wa mizu umene ungabweretse mafinya ndi kafumbata. Lezala limodzi likatema anthu angapo limatha kufalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Kwa wodwala shuga, mphini za kumwendo zimatha kusanduka chilonda chosapola. Pa njira zonse zimene tatchulazi, iyi ndi imene sitingalangize munthu.

Musanasankhe njira iliyonse, dziwani chimene chikupweteka

Kuno kwathu chifuwa chachikulu cha m'mafupa a msana si chachilendo, ndipo chimayamba ngati msana wamba. Khansa ya khomo la chiberekero, ya m'mawere ndi ya prostate imathanso kufalikira kumsana. Timasingano titha kuziziritsa ululu wotere kwa milungu ingapo matenda akukula. Pitani kuchipatala kaye ngati msana ukupweteka kwambiri usiku ngakhale mutagona phee, ngati mukuwonda, kutentha thupi kapena kutuluka thukuta usiku, ngati patuluka linunda pamsana, ngati munagwa kapena kuchita ngozi, kapena ngati munadwalapo khansa. Miyendo ikayamba kufooka, kumaliseche ndi kumatako kukachita dzanzi, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikayamba kukanika kapena kutuluka zokha, ndi nkhani ya tsiku lomwelo. Chimodzimodzi mutu woyamba mwadzidzidzi mwamphamvu, wobwera ndi kuuma khosi, kapena bondo lotupa lotentha.

Kusankha wobaya ndi kudziwa poimira

M'manja mwa munthu wophunzitsidwa bwino, ngozi zake n'zochepa. Pa odwala 229,230 amene anawatsatira ku Germany, pafupifupi 9 pa 100 alionse anakumana ndi vuto lina, makamaka kutuluka timagazi kapena kubiriwira pobayidwapo, ndipo awiri okha ndi amene anabooledwa phapo. Koma manambalawa ndi a madokotala ophunzitsidwa bwino ogwiritsa ntchito singano zatsopano.

Onetsetsani ndi maso anu kuti paketi yang'ambidwa inu muli pomwepo, kuti wobaya wasamba m'manja, ndiponso kuti timasingano tikachotsedwa taponyedwa m'kabokosi kotayiramo singano. Totsukidwa ndi sipiriti n'kubwezedwa m'mbale musatilole. Hepatitis B yafalikirapo m'njira imeneyi. Asakubayeni pamwamba pa zovala. Werengani amene alowa ndi amene atuluka, chifukwa kasingano koiwalika m'tsitsi kapena kuseri kwa bondo si nkhani yachilendo. Funsani kumene anaphunzira ndi kumene analembetsa: ku Malawi ogwira ntchito zachipatala amalembetsa ku Medical Council of Malawi, ku Zambia ku Health Professions Council of Zambia, ndipo ku South Africa obaya acupuncture amalembetsa ku Allied Health Professions Council of South Africa.

Muuzeni ngati mumamwa warfarin kapena mankhwala ena osungunula magazi, ngati muli ndi pakati, popeza pali malo ena padzanja, pamwendo ndi pamimba amene amapewedwa, ndiponso ngati muli ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda, chifukwa pamenepo magetsi aja ndi oletsedwa. Asabaye pakhungu la zilonda, pamkono wotupa pambuyo pa opaleshoni ya khansa ya m'mawere, kapena pamapazi amene anachita dzanzi ndi shuga. Malo oopsa kwambiri ndi pamwamba pa phewa, pachifuwa ndi pakati pa nthiti, makamaka kwa munthu woonda, chifukwa phapo lili pafupi. Mukamva kubaya m'chifuwa, kubanika kapena chifuwa chouma patangopita maola ochepa mutabayidwa malo amenewa, pitani kuchipatala ndipo mukanene kuti munabayidwa timasingano.

Mtengo muuwerengere wonse musanayambe. Ulendo umodzi suuza kanthu. Chizolowezi ndi kamodzi kapena kawiri pamlungu, maulendo 6 mpaka 12, choncho chulukitsani mtengo wa tsiku limodzi ndi thiransipoti yomwe ka 10. Musalipiriretu maulendo onse. Ku America, inshuwalansi ya boma ya okalamba ya Medicare imalipira maulendo 12 m'masiku 90 pa msana wamgonagona, imawonjezera 8 pokhapokha wodwala akusintha, ndipo ngati sakusintha imati chithandizocho chiime. Inunso mutha kudziikira malire otero. Musanabayidwe koyamba lembani papepala zinthu zitatu: ululu wanu pa mulingo wa 0 mpaka 10, mtunda kapena mphindi zimene mumayenda musanaime, ndi mapiritsi amene mumamwa pamlungu, wa mutu alembe masiku a mutu pamwezi. Mukafika ulendo wa 6 yang'anani pepalalo. Ngati palibe nambala imene yasuntha, imani pomwepo, ndipo ndalama zotsalazo mukaonanire ndi katswiri wa mafizo kapena dokotala wa mafupa kuti aunikenso msanawo.